Masiku Asanu ndi Awiri Oti Ndizizire

Lolemba, 13 Januwale 2025

Dziko, mwana wa mng'ono wanga Jennie, wakwanitsa masabata awiri lero, ndipo ine sindinamukhudzepo ngakhale chala. Tikukhala nyumba imodzi kuno ku Parow, khoma lokha kutilekanitsa. Matewera wochapa ndine, phala wophika ndine, koma kumunyamula ayi. Akuti ndine wotentha, poti ndimagona chipinda chimodzi ndi amuna anga a Michael. Khanda ndi lozizira, wotentha akaligwira limatsempheka n'kuyamba kutupa. Lamuloli lachokera kwa amayi ku Dedza pafoni, ndipo wolilondera ndi Mai Lines a kumpingo kwathu. Amabwera tsiku lililonse kudzathandiza Jennie, poti anabereka ndi opareshoni ndipo mwamuna wake ali paulendo wa thiraki ku Durban.

Zaka zisanu ndi chimodzi pabanja, wangawanga ndilibe. Zikundiwawa, ndisaname.

Ndawaimbira amayi. Akuti ndikagona pandekha masiku asanu ndi awiri ndizizira, kenako ndidzamunyamula. Chabwino. Ndiyamba lero lomwe.

Lachiwiri, 14

Tsiku 2. A Michael ndawasamutsira pasofa. Aseka mpaka kutsokomola. "Iwe Bridget, mu heat imeneyi wekha ndiye uzizire? Mawa ndikutengere kuntchito ku Epping, tikakuike mu cold room pamodzi ndi makabichi." Koma pilo atenga okha osanyinyirika. Anthu abwino, pakamwa pokha.

Lachitatu, 15

Tsiku 3. Kunja kukutentha ngati ku Nsanje mu Okutobala. Kuphiri kwabuka moto, utsi mpaka m'khitchini mwa madamu amene ndimawagwirira ntchito ku Camps Bay. Ndasita malaya khumi ndi anayi, simbi yanditentha padzanja, chithuza tuu. Pamenepo madamu akubweza tiyi, akuti sanatenthe mokwanira. M'basi ndimadziseka ndekha. Dzuwa akulidandaula kuti latentha, simbi ndikuitukwana, ine andiletsa khanda. M'tauni monse muno wofunika kutentha ndi tiyi yekha.

Lachinayi, 16

Tsiku 4. Dziko ndamuonera pakhomo. Makutu ndi a malemu abambo enieni.

Lachisanu, 17

Tili kuchipatala. Ndilemba mawa.

Loweruka, 18

Ndikulembera pabenchi kunja kwa wodi.

Dzulo nditafika kunyumba cha m'ma 4 masana ndinapeza Dziko akulira kamawu kakang'ono, bere akulikana kuyambira m'mawa. Mai Lines anali atamufunditsa mabulangete awiri.

"Thupi latentha," anatero. "Alipo wina walowa muno asanazizire."

Sanatchule dzina, koma maso anali pa ine. Ndinati mayi, masiku asanu tsopano a Michael akugona pasofa, khosi lawauma, akafunseni. Iwo akuti tidikire, kuli munthu ku Bellville amene ali ndi mankhwala a tsempho, abwera nawo Lolemba.

Lolemba! Ana awiri a madamu ndawalera ndine kuyambira ali makanda, ndipo chimene ndinaphunzira m'nyumba imene ija n'chakuti khanda likatentha thupi sugona nalo pakhomo. Ndinakatenga choyezera kutentha chimene madamu anandipatsa kalekale, n'kumuponyera Jennie pabedi kuti amuike kukhwapa. 38.7.

"Jennie, dzuka, tikupita."

Anayesa kudzuka naye, koma bala linamukoka, n'kukhalanso pansi. Masitepe athu aja sakanatsika atanyamula mwana. Ndinawapempha Mai Lines kuti amunyamule iwo, poti ndi ozizira. Anakana. Akuti sangasemphane ndi mawu a amayi athu, kumudzi akayankha chiyani.

Ndiye ndinalowa. Ndinachotsa mabulangete aja n'kumunyamula.

"Asisi, kwatsala masiku awiri okha," Jennie akulira.

"Awiriwo adzawerenge wina. Tenga khadi lake."

Wopepuka ngati buledi, koma pachifuwa panga anali moto. Masiku onsewa ndimaganiza kuti tsiku lomunyamula ndidzaimba nyimbo. M'malo mwake ndinali kuwerenga masitepe, a Michael ali patsogolo kuimitsa takisi, Jennie pambuyo atagwira khoma.

Adokotala akuti mchombo unalowa tizilombo. Amuika diripi padzanja, kadzanja kosakwana chala changa chachikulu. Akuti tiona pakatha masiku awiri.

Nkhani yatentha kale. Mai Lines afotokoza zonse ku Dedza, ndipo amayi sakuyankha foni yanga. Ndaimba kasanu. Jennie akuyankhula nane mawu ofunika okha, madzi, thewera, basi. Ndikudziwa bwino lomwe kuti mwanayu akapita, dzina langa ndi limene lidzatchulidwe pamaliro, ndiponso moyo wanga wonse. Ndili ndi mantha kwambiri. Koma atati dzulo libwerenso, ndingamunyamulenso, mwinanso mofulumirirapo.

Pano sindichoka. Madamu ndawalembera uthenga kuti Lolemba asandiyembekeze.

Lamulungu, 19

37.2 m'mawa uno. Wayamwa mpaka kugona bere lili kukamwa.

Nthawi yoona odwala a Michael abwera ndi mbatata yophika, khosi likadali chopendekera. Jennie amafuna kukasamba. Anayang'ana kabedi ka mwana, n'kuyang'ana ine, kenako anangomuika m'manja mwanga.

Asanafike n'komwe pachitseko foni yake inalira. Amayi, pavidiyo. Ndinamunong'oneza kuti bwera umutenge msanga. Iye anangoyankha foniyo n'kuitembenuzira kwa ine.

Amayi anali pakhonde, mpango wa kutchalitchi ukadali kumutu. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mwana.

"Bridget."

"Wawa, amayi."

"Mutuwo. Ika dzanja kunkhongo. Ukumugwira ngati mtolo wa zochapa za madamu ako bwanji?"

Ndinakonza dzanja.

"Eya, choncho. Tamusendeza kuno ndione makutuwo."