Khomo la Mfalansa

South Bend, Indiana
14 Novembala 2023

Okondedwa Amayi,

Thupi la mwana wanu, bambo a Kenan, linyamuka kuno Lachinayi. Koma zija munandiuza pafoni, zoti alowe kaye m'nyumba mwawo asanabwere kumudzi, sizinachitike. Ndati mumve kwa ine, osati kwa ena.

Nyumbayi simunaionepo. Anaimanga kalekale Mfalansa wina wogulitsa zikopa, poona mkazi wake akulirira kwawo. Mamangidwe ake anatengera konko: yopapatiza, yosanjikiza katatu, denga la miyala yosalala, mawindo otalika ngati munthu. Kenako munakhala masisitere, pambuyo pake anthu a kufakitale, mpaka inasanduka bwinja. Pano ili m'gulu la nyumba zakale zotetezedwa, sugumula kanthu popanda chilolezo. Tinaigula ikudontha. Pakhomo lakumaso bambo a Kenan anapala okha penti ndi kampeni, mpaka maluwa amene mmisiri wakale anasema pafelemu anaonekanso. Ndinkawaseka kuti andipezera mkazi mnzanga.

Loweruka Amalawi anabwera ambiri kuchokera ku Indianapolis. Bokosi litafika, linakana kulowa. Mabokosi a kuno ndi aakulu, khomolo ndi lopanikiza, lakuseri ndiye losakamba. A Bizwick, tcheyamani wa gulu lathu la Amalawi, anakatenga hamala m'galimoto kuti agumule felemu monga timachitira kwathu. Ine ndinakaima pakhomopo.

"Mlamu, kaya aboma akatichaja, tikahandula limodzi," anatero. "Munthu alephere kulowa m'nyumba mwake chifukwa cha thabwa?"

Sindinkaopa boma, Amayi. Ndinangoona kuti pa zonse zimene manja a mwana wanu anagwira, chonditsalira ndi chimenechi, ndipo ndinakana. Tinaimba nyimbo pakhonde kukuzizira, bokosi lili panja ngati la mlendo. Azimayi sankandiyang'ana kumaso. Kenan anandifunsa m'Chingerezi chifukwa chake adadi sakulowa.

Mtima ukundiwawa kwambiri. Sindikudziwa ngati ndinawalemekeza kapena ndinawatsekera kunja, ndipo wondiyankha palibe. Akafika, muwalowetse m'nyumba mwanu, agone pabalaza anthu atawazungulira. Ine ndinalephera.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi alamu anga onse, omwe angaulandire. Kenan akuti moni, agogo.

Ndine mtengwa wanu, ngati mukadandiwerengabe choncho,
Tusekele