Thumba la M'kati mwa Chijasi

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumeneko? Ife kuno tikudzuka, kungoti kudzuka kwake n'kwa thupi lokha.

Ndatenga nthawi osakulemberani, koma musandiyese mwana wotayika. Ndiyambe ndi zabwino, poti munkanena kuti munthu salowa pakhomo pa eni atatsogoza misozi. Chisomo, mdzukulu wanu uja, anachira mwezi wa Epulo, mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu, ndipo ukali wakenso ndi wanu: akachedwa kuyamwa, mudzi wonse umadziwa.

Nandolo wachita bwino chaka chino, chinangwanso sichinatichititse manyazi. Nthochi zanu za kuseri kwa bafa zinagwidwa ndi matenda aja, alangizi anati tizule zonse. Ndinazula ndikupepesa ngati mukundiona. Kalongonda ndinayesa kuphika ndekha, koma ndinafulumira kuphula, moti tsiku lonse tinkayenda dzandidzandi ngati tachokera kumowa. Munkandiuza kuti kalongonda safuna mkazi wothamanga, ine osamva. Kuesiteti ndikupitabe kukathyola tiyi, ndipo Loweruka ndimakhala pakhonde ndi makina anu osokera. Lamba wake anaduka, ndinalumikiza ndi waya.

Tsopano khalani pansi, amayi. Dayitoni ali kundende, uno ndi mwezi wachitatu. Anapha munthu ndi mfuti.

Ndikudziwa kuti mufunsa kuti mwana wanu wotsiriza, amene ankathawa mukamazinga nkhuku, mfuti anaidziwira kuti. Mutangotisiya anamulemba ulonda kuesiteti, mbali ya nkhalango ya bulugama ndi munda wa makademiya. Alonda kumeneko amawapatsa chibonga, wenzulo ndi tochi, basi. Chaka chatha akuba makademiya anawapeza ali awiri. Mnzake anamukhapa mpaka anafera m'njira popita kuchipatala, iye anamutema paphewa. Bala linapola, koma munthuyo sanapole. Mbale ikagwa kukhitchini ankadzambatuka ngati wamponda njoka.

Atabwerera kuntchito, tsiku lina anabwera kwathu ndi chijasi chake cha ulonda, chakuda chija chofika m'maondo. Anati, “Achemwali, mundisokere thumba m'katimu, mbali ya kumanzere. Likhale lalitali, nsalu yake yolimba.” Nditafunsa kuti la chiyani, anati la tochi. Ndinati abweretse tochiyo ndiyeze, iye anangotambasula dzanja n'kundionetsa kutalika kwake, kenako n'kuwonjeza kuti kukamwa kwake kukhale kotakasuka. Ndinadula nsalu ya thalauza lakale la malemu bambo, ndinasoka mizere iwiri monga munandiphunzitsira, ndipo m'makona ndinabwereza ndi singano ya pamanja. Linali thumba labwino, amayi. Ndinanyadira ntchito yanga.

Patapita masabata angapo anadzera kwathu akuweruka, n'kukoleka chijasicho pamsomali kuti akasambe. Ndinati ndichisunthe ndisese. Kulemera kwake kunandidabwitsa, ndipo nditapisa dzanja ndinakhudza chitsulo chozizira. Kanali kamfuti kakafupi, kosula pamanja, kamene anakagula kwa anthu ena a kutsidya ku Mozambiki. Atatuluka kubafa ndinamufunsa kuti, “Dayitoni, tochi yake ndi imeneyi?” Iye anangotsitsa malaya n'kundionetsa chipsera. Anati, “Mukufuna mudzanditole m'tchire ngati mnzanga uja? Sindidzaombera munthu ine. N'koopsezera chabe.” Ndinayang'ana chipseracho, ndinakhala chete, ndipo ndinamupatsa chakudya. Kukhala chete kumeneko n'kumene kukundidya lero.

A Mulepa mukuwakumbukira, amuna awo a amake Joyisi, aja ankayimba besi kukwaya mpaka mabenchi kunjenjemera. Tsiku limenelo kunali chiperoni, chifunga chokhuthala, masana koma osaona munthu ali poteropo. A Mulepa analowa m'nkhalango ya esiteti kukadula nkhuni, poti kwawo kunalibe choyatsira moto ndipo ana anali ndi chifuwa. N'zoletsedwa, inde, koma ndani m'mudzi muno amene sanaphikirepo bulugama wa esiteti? Inu nomwe munkati mtengo sudziwa mwini wake ukalowa pamoto. Anthu othyola tiyi kumunsi tinamva kulira kumodzi, phuu, tinayesa tayala la thirakitala. Pofika nthawi ya sikelo, mbiri inali itafika kale.

Dayitoni asanakadzipereke kupolisi anadzera kwathu. Anavula chijasi, anachiponya kuseri kwa chitseko, anamwa madzi makapu awiri n'kutuluka. Kupolisi anakanena kuti mfutiyo inali ya a Mulepa. Akuti atawagwira ndi nkhuni, iwo anaisolola m'chiuno, analimbana, ndipo inalira yokha ali mkati molimbana. Akuti ankadziteteza. Panalibe wina woona, ndipo wakufa sayankha mlandu.

Nkhaniyi yagawa anthu, amayi. Pa Khonjeni, pamene amaima a kabaza, tsiku silidutsa osakangana. Ena akuti mlonda ndi munthu, ali ndi ana, simungamutumize kukakumana ndi zikwanje atanyamula wenzulo. Akuti alonda onse awapatse mfuti, akuba aziopa. Ena akuti mukatero ndiye kuti mtolo uliwonse wa nkhuni uzibwera ndi maliro, chifukwa munthu wamantha akagwira mfuti aliyense amamuona ngati chigawenga. Kapitawo wathu anati mfuti yoonekera ndi yabwinoko, poti umaiona uli patali n'kubwerera, koma yobisa imakupeza ukupereka moni. Ananena akuwerenga sikelo, osadziwa kuti mawuwo akulasa ine. Ndikafika pafupi onse amasintha nkhani n'kuyamba za mpira.

Chimene chinandithyola msana ndi maliro. Akuluampingo anakhala pansi n'kugamula kuti munthu wofera pa kuba ali ndi mfuti m'manja, mpingo sungamuyimbire. A Mulepa, amene anayimbira maliro a mudzi wonse, ngakhale anu amene, anapita kumanda opanda nyimbo ngakhale imodzi. Kunkangomveka mapazi ndi makasu. Ine ndinali kumoto ndi amayi anzanga, ndikutunga madzi, ndikudziwa zimene ndikudziwa. Amake Joyisi sanalire mokweza. Ankangobwereza kuti, “Amuna anga mfuti anaitenga kuti? Ngakhale legeni analibe.” Tsopano ana awo kusukulu akuwatcha ana a chigawenga, ndipo Joyisi wasiya kupita. Mayi ake timathyola mzere woyandikana. Amandipatsabe moni, amayi. Tsiku lina anandithandiza kusenza dengu, n'kundiuza kuti, “Inu mulibe mlandu, anaphayo ndi mlongo wanu.” Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Mpongozi wanu, mkazi wa Dayitoni, amadziwa za thumbalo. Anabwera ndi mwana kumsana, anagwada pakhonde, anati, “Alamu, chijasi chija chikadalipo? Masulani ulusi uja, kapena chiotcheni. Loya akuti nkhani ili bwino, bola pasatuluke china.” Sindinamukalipire. Ana atatu, wamng'ono sanayambe kuyenda, mukanakhala inu mukanatani? Atapita ndinatenga lezala n'kukhala ndi chijasicho pamiyendo. M'thumbamo muli banga la mafuta, ndipo nsalu inatukumuka potsata mpope wa mfutiyo, moti ngakhale mwana angaone chimene chinkagonamo. Ndinadula ulusi umodzi. Wachiwiri dzanja linakana. Ndinachipinda n'kuchiika pansi pa sutikesi yanu.

Munkakonda kunena kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kale ndinkaseka, poti munkanena za Dayitoni akaba shuga. Lero ndaumvetsa mwambiwo ndipo sukuseketsanso. Chimwalirireni amalume, iyeyu ndiye mwinimbumba wathu. Ndiye anaimira ukwati wa Chisomo, ndiye anafolera nyumba yanga mphepo itasasula denga, ndiye anakugonekani m'manda ndi manja ake. Ndilibe mlongo wina. Ndakhala miyezi iwiri ndikudziuza kuti a Mulepa anapita basi, ngakhale ndinene sadzuka, nanga ndiphenso wamoyo chifukwa chiyani? Koma Lamlungu lililonse kwaya ikaimirira, malo awo a kumapeto aja amakhala opanda munthu, ndipo ine ndimasiya kuyimba.

Loweruka lapitali sindinasoke. Ndinakwera kabaza mpaka pamsewu, n'kupita kukamuona Dayitoni kundende. Waonda, amayi, makutu okha ndiwo atsala. Ndinamutengera chinangwa chophika ndi mapeyala a mumtengo wanu. Atadya pang'ono ndinati, “Achimwene, ndiuzeni zoona. Ine ndine ndinasoka thumba lija.” Anayang'ana uku ndi uku, kenako anayamba kulankhula motsitsa. Akuti anamva kugogoda m'nkhalango, anatsata, ndipo mu chifungamo anaona munthu atawerama. Atakuwa, munthuyo anatembenuka chikwanje chili m'manja. “Achemwali, ndinaona chikwanje chokha. Nkhope sindinaione. Dzanja linalowa lokha m'thumba, mutu usanaganize. Nditafika pafupi ndi pamene ndinaona kuti ndi a Mulepa. Ananditchula dzina.”

Ndinamufunsa ngati a Mulepa anamuyandikira kapena kumuopseza. Anapukusa mutu. Anati mwina ankangodzuka kuti aone amene wawaitana.

Ndinalira, iyenso analira. Ndikukhulupirira kuti anachita mantha enieni, ndipo ndidzanena zimenezo paliponse pamene angandifunse. Koma mantha ndi ake, mfuti ndi yake, ndipo a Mulepa anasenzetsedwa zonse ziwiri n'kupita nazo kumanda. Ndinamuuza kuti akanene yekha kukhoti, afotokoze za chipsera, za mnzake uja, za chifunga, mwina oweruza angamve chisoni. Anati, “Ndikatero ndiye kuti ndavomera milandu iwiri. Ndidzatuluka ana atakula, ngati ndidzatuluke n'komwe.” Ndinati akapanda kunena iye, ndikanena ine. Iye anandifunsa kuti, “Amayi akanakhala moyo, mukanachita zimenezi?” Msilikali wa ndende anati nthawi yatha ndisanayankhe. Mapeyala anawasiya pabenchi.

N'chifukwa chake ndakulemberani. Funso limenelo ndayenda nalo masiku anayi, ndipo yankho lake ndilibe. Ndikudziwa kuti munkamukonda kuposa tonse, musakane, ifenso tinazolowera. Mwina mukanandilanda chijasicho n'kuchiponya pamoto nokha. Mwinanso mukanamukoka khutu mpaka kupolisi, monga munachitira atathyola mpanda wa eni ndi njinga yobwereka. Munali ndi mitima iwiri yonseyo, ndipo sindikudziwa umene ukanapambana. Ndikanakonda mukanabwera ngakhale kutulo kudzandikalipira, koma mwangoti zii.

Dzulo titaweruka ndinapita kwa amake Joyisi. Ndinawapeza akusenda chinangwa pabwalo. Ndinakhala pansi, osati pampando umene anandipatsa, ndipo ndinawauza zonse, kuyambira tsiku limene ndinadula nsalu mpaka ganizo langa lokanena kupolisi. Mpeni unaima m'manja mwawo. Ndinkadikira kuti anditukwane, ndipo zikanandipepukira akanatero. Nkhuku zinayamba kujompha chinangwa m'lichero, iwo osaziingitsa. Kenako anati, “Miyezi yonseyi mumandiyankha moni?” Ndinati inde. Anati, “Nyamukani. Mawa musathyole pafupi ndi ine.” Nditafika pampanda anandiitana, osandiyang'ana, n'kufunsa kuti, “Mukakanena kumeneko, ampingo abwera kudzayimba?” Ndinati sindikudziwa, koma ndikawagwadira mmodzimmodzi.

Mawa m'mawa ndikupita kupolisi ya ku boma ndi chijasicho. Kapitawo ndamuuza kuti ndikudwala, ndipo sindinaname kwenikweni. Apolisi akandifunsa chifukwa chake ndinakhala chete nthawi yonseyi, ndilibe chodzitetezera, ndipo ngati pali chilango changa ndichilandira. Mpongozi wanu sakundilankhula. Achibale ena ayamba kale kunena kuti ndagulitsa magazi anga, ndipo mwina pamaliro anga padzachepa anthu. Ndikuopa, amayi. Ndikuopa kwambiri tsiku limene Dayitoni adzandione ndikuimirira m'khoti.

Ndikupempheni zinthu ziwiri. Mukakumana ndi a Mulepa kumeneko, muwapepesere m'malo mwanga. Muwauze kuti dzina lawo tikulichotsa m'matope, ndipo nyimbo yawo yachedwa chabe. Ampingo akakana, ndikaima ndekha pamanda awo n'kuyimba ndi mawu anga oipawa. Chachiwiri, musamutaye mwana wanu. Inenso sindimutaya. Ana ake adzadya chimene ana anga adya, ndipo mwezi uliwonse ndizipita kundendeko ndi chakudya, kaya zaka zikhale zingati. Akakana kutuluka kudzandiona, ndizikhala pabenchipo mpaka nthawi ithe, mwezi winawo n'kubweranso. Limeneli ndi lonjezo langa kwa inu.

Ngati ndalakwa, mudzandiuze ndikadzafika. Koma mudzayambe mwandilandira kaye, amayi, chifukwa ndidzafika nditatopa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya