Apongozi ndi Mkamwini M'bwato Limodzi

Chiromo,
Nsanje.

Wokondedwa mwana wanga Evelesi,

Landira moni wochokera kuno kuchigwa. Uli bwanji ku Joniko, iwe ndi bambo a kunyumba? Msana uja unaleka? Ine ndili bwino, kupatula bondo lakumanzere limene linayamba kukalamba lokha osandifunsa. Kutentha ndiye usachite kufunsa. Ngakhale mbuzi zikukana kutuluka pansi pa ngolo.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni sundipatsa mpata. Ukayamba umakhala ngati wailesi, ine n'kumangoti eya, eya, mpaka mayunitsi kutha. Kalatayi ndapatsira Petro wa mabasi. Uwerenge utakhala pansi.

Nkhani ndi ya mwana wako Winifred, mkazi wanga wamng'ono uja. Wandiuza kuti wamulamula abwerere ku Blantyre mwezi uno usanathe, chifukwa anakuimbira foni akulira. Zoona analira. Koma iwe unamva kulira kokha, nkhaniyo sunaimve.

Muja anabwera kudzakhala nane amayi ako atatisiya, ndinkaona ngati wanditumizira chithunzi osati munthu. Lolemba mpaka Lachisanu amakhala pakhonde pamene pamagwira netiweki, laputopu pamiyendo, waya wa sola ukulendewera ngati nthambi ya dzungu. M'mawa amachita msonkhano ndi anzake a kampani ya ku Lilongwe, onse ali m'kagalasi. Ndinamufunsa kuti ntchito yake kwenikweni n'chiyani. Anati amalemba malamulo oti kompyuta izitsatira. Ndinati ndiye ali ndi mwayi, ine ndalamula mbuzi moyo wanga wonse koma palibe inandimverapo.

Munthu akadutsa n'kupereka moni, Wini ankangogwedeza mutu. Amayi a kutchalitchi anafika pondifunsa ngati mwanayu amalankhula. Loweruka, anzake akupuma, iye ankatsegulanso laputopu yomweyo n'kumapanga timapulogalamu take, akuti kumeneko ndiye kusewera.

Tsiku lina ndinanamizira bondo kuti andiperekeze kudoko. Linali tsiku la msika wa ku Bangula. Anaona anthu akupsa ndi dzuwa, akukankhana kulimbirana mabwato, amayi a ana akutsala kumbuyo. Loweruka lililonse kuchokera pamenepo anali pa chinthu chimodzi, mpaka chinatheka. Munthu umatumiza meseji, ngakhale pa kafoni ka mabatani, ndipo yankho limabwera lokuuza bwato lako ndi ulendo wako, woyamba kapena wachiwiri. Paison, mkulu wa opalasa mabwato, anavomera kuti ayese. Zinayenda bwino zedi. Anthu ankabwera padoko mwaulemu ngati akupita kukalandira ukaristiya.

Ndiye linafika tsiku la a Luisa.

Ukuwakumbuka a Luisa ogulitsa mbatata. Mwana wawo wamkazi anakwatiwa ndi Kaitano. A Luisa ndi mkamwini wawoyo amasungabe ulemu wakale uja. Sakhalirana pafupi, sayang'anana kumaso, ndipo akakumana panjira Kaitano amalowa m'thengo ngakhale muli minga. Koma kompyuta ya Wini imangodziwa amene watumiza meseji poyamba. Inawaika m'bwato limodzi.

Ukudziwa mmene timakhalira m'mwadiya, bwato losema lija, mondondozana, mawondo ako pamsana pa mnzako. Kaitano anakhala kale, chipewa chili m'mutu. A Luisa anafika atafunda chitenje kumutu chifukwa cha dzuwa, n'kukhala kumbuyo kwake kwenikweni. Bwato litangochoka pagombe, anamugwira paphewa n'kumuuza kuti asunthe, akuwapsinjira dengu. Kaitano anawazindikira mawu. Mwana wa munthu anadzambatuka n'kuima chilili, ndipo bwato linagudubuka.

Usaope. Madzi aphwa chaka chino, anali olekeza m'chiuno, ndipo palibe anavulala. Koma mbatata zinapita ku Mozambique zopanda chiphaso. A Luisa anali phuvuphuvu m'madzi, duku litapita, Kaitano ataima pambali pawo maso ali tseke, manja kumbuyo, akukuwa kuti wina adzutse amayi chifukwa iye sangawagwire. Ine ndinali pagombe. Ndinaseka mpaka ndinakhala pansi m'matope, ndipo sindikupepesa.

Paison sanaseke. Ananena pamaso pa anthu kuti za mafoni zathera pomwepo, mwana wa m'tauni wavula gogo wa eni ake. Wini anamva zonse. Mpamene anadzitsekera m'nyumba n'kukuimbira iwe.

Ndinamusiya masiku angapo, kenako ndinamuuza kuti kompyuta yake ilibe mawondo, wogwada ndi iyeyo. Tinapita kwa a Luisa ndi paketi ya shuga. Anagwada, napepesa ndi pakamwa pake, ine osamuthandiza.

A Luisa anamukalipira m'Chisena ndi m'Chimang'anja momwe, mpaka mpweya unawathera. Kenako anafunsa kuti makinawo anawaphunzitsa ndani. Wini anati ndi iye. Anafunsanso kuti nanga iyeyo anamuphunzitsa ndani. Apo a Luisa anagamula kuti olakwa ndi awiri, Evelesi amene analera mwana m'tauni osamuuza za kwawo, ndi nkhalamba iyi imene imangodziwa kuseka. Choncho mlandu uli ndi iwenso, usaone ngati wapulumuka. Pomaliza anamuuza kuti abwere mawa lake adzamve amene sakhalirana pafupi m'mudzi muno.

Evelesi, sabata ya mwana wako siili ngati kale. Akaweruka amatseka laputopu n'kupita kwa a Luisa, kumene amayi amasankha mbatata akumuuza za mudzi. Mu pulogalamu muja waikamo funso latsopano, loti kodi alipo amene simungakwere naye. Pongoyeserera chabe, anthu anayamba kutchula apongozi. Kenako ena akazi anzawo a pamitala, ena amene anakangana nawo malire a dimba. Ine ndinatchula mudzi wonse kuti ndiziwoloka ndekha ngati bwana. Wini anandigwira tsiku lomwelo. Anaseka mpaka ndinaona mano ake a kumbuyo, amene sindinkadziwa kuti ali nawo.

Pano amapereka moni akuomba m'manja. Ukamupatsa kanthu amati takhuta ngati Msena weniweni. Analowa kwaya. Kuimba kwake tisakambe, koma amapita.

Anapita yekha kwa Paison, osandiuza, kukapempha kuti ayesenso. Paison anazungulirazungulira, kenako anavomera tsiku la msika loyamba mwezi wamawa, pokhapokha Wini mwini wake adzaime padoko, kuti chikalakwika anthu adzakhale ndi nkhope yoikalipira. Iye anati adzaima.

Ndiye kunabwera lamulo lako. Mwanayu sakutsutsa, ukudziwa. Anatsitsa sutikesi n'kuyamba kupinda zovala, nkhope itabwerera mwakale.

Tamvera, mwana wanga. Akachoka pano, kuno adzakumbukidwa kuti ndi uja anamiza a Luisa n'kuthawa. Zimenezo n'zazing'ono. Chachikulu n'chakuti iyenso azidzadzikumbukira chomwecho. Abwerera m'kachipinda kake ka ku Blantyre kaja, kumene anansi ake sankamudziwa ngakhale dzina. Ndikudziwa kuti ukufuna kumuteteza, ndiwe mayi. Koma munthu amene akutuluka panja koyamba usamubwezere m'nyumba chifukwa wapunthwa.

Ndikukupempha chinthu chimodzi. Muimbire, ndipo ulendo uno ulankhule mwachidule. Umuuze kuti atsale amalize. Akadzaima padoko paja, zikayenda kapena zikakanika, azidzasankha yekha kokhala. Sindikupempha chifukwa cha ine ayi. Tiyi wake ndi madzi otentha chabe, ndingapeze wina wondizunza.

Ndikuuziretu kuti pakadali pano sangapite. Zovala zija ndinazichotsa, ndipo m'sutikesi ndinaikamo thadzi langa lakuda limene likufungatira. Lakhazikika bwino, ndipo limajompha aliyense woyandikira. Wini analipeza dzulo. Anaima nthawi yaitali akuliyang'ana, kenako analibweretsera madzi akumwa. Sanalichotse. Ngati yankho limenelo sukulimva, ndiye kuti sindinakulere bwino.

Undiperekere moni kwa bambo a kunyumba, ndi kwa mlongo wako Leonard ukamuona. Umuuze kuti bambo ake akadali moyo, mwina anaiwala. A Luisa akupereka moni, akuti mlandu wako ukukudikira. Mulungu akusunge, akupatse mphamvu pantchito, akufewetsenso mtima usanagwire foni.

Ndine bambo ako,
Augustino