Chitini cha Makalata cha Mayi Vainess

Lolemba, 28 Seputembala 2009

Atiitana ku ofesi m'mawa, maejenti tonse a ku South Bend, kuno ku America. Patebulo khofi ndi madonasi. Kampani yathu ikagula madonasi pa Lolemba, dziwani kuti kuli maliro.

Bwana anawerenga papepala osatiyang'ana. Inshuwalansi ya zachipatala ya okalamba, imene takhala tikugulitsa zaka zinayi, ikutha pa 31 Disembala. Akuti malamulo asintha ndipo phindu palibe. Makalata opita kwa makasitomala anyamuka Lachinayi, ife tisauze munthu asanalandire yake.

Lyson, Mmalawi mnzanga yekhayo pa ntchitoyi, anakweza dzanja. "Nanga ifeyo?"

"Tikuthokoza chifukwa cha khama lanu."

Basi. Ntchito ithera limodzi ndi inshuwalansiyo. Ndinakhala m'galimoto nthawi yaitali osaliza injini. Makasitomala ndili nawo oposa mazana awiri, koma nkhope imene inabwera m'maso ndi imodzi: Mayi Vainess.

Lachiwiri, 29 Seputembala

Ndilembe kuti mwina mtima utsike.

Nditafika m'dziko muno mu 1998, ndinagona pa sofa yawo ku Indianapolis miyezi isanu ndi iwiri. Sanali achibale, anangomva kutchalitchi kuti kwabwera mtsikana wopanda kolowera. Anandiphunzitsa kukwera basi ya pa Lafayette Road, jekete langa loyamba anagula ndi iwo. Mpaka lero ndimawaitana kuti Amayi.

Mu 2006 ndinakhala pa sofa yomweyo ndi mapepala anga. "Amayi, iyi ndiye yabwino. Dokotala aliyense amene mungafune, mupita. Ndikhulupirireni." Anasayina osawerenga ngakhale mzere umodzi. Ndiye ine, podzionetsa kuti ndine katswiri, ndinawonjezera kuti kalata iliyonse ya kampani asavutike nayo, aziiponya m'chitini cha mabisiketi, ndikabwera ndizidzawawerengera. Kuyambira pamenepo, Loweruka limodzi mwezi uliwonse ndimayendetsa maola atatu kukatsegula makalata.

Opaleshoni yawo ya bondo ili pa 12 Januwale. Inshuwalansi idzakhala itafa masiku khumi ndi awiri.

Foni sindingaimbe. Uthenga woipa kwathu suponyedwa ngati mwala. Umapita, umakhala pansi, umayamba wapereka moni. Ndipita Loweruka, ndilo tsiku limene akundiyembekeza mwezi uno.

Lachinayi, 1 Okutobala

Makalata anyamuka.

Lachisanu, 2 Okutobala

Foni yalira kuyambira 8 koloko. Bambo Kowalski, aja a zaka 81 amene amandipatsa matimati a m'munda mwawo chaka chilichonse, anangoti, "Unandiuza kuti nditha kugona tulo. Unanena uli m'khitchini mwanga." Ndinayamba kufotokoza kuti angathe kusankha kampani ina kuyambira pa 15 Novembala, koma anali atadula kale.

Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga ndausiya m'makhitchini mazana awiri.

Chakudya chamasana ndadyera m'galimoto, pa malo oimikapo a pa golosale. Sindikumbuka kuti chinali chiyani.

Loweruka, 3 Okutobala

Ndinathira petulo, ndinagula tiyi amene amakonda, ndinalowa mu msewu wa 31 kulunjika kummwera. Ndinafika ku Plymouth, theka la ola lokha. Ndinaima pa maloboti, ndinaona m'maganizo Amayi akutsegula chitseko akumwetulira, akundipatsa chitini. Ndinatembenuza galimoto.

Ndine wamantha. Ndalemba kuti ndidzaziwerenge.

M'nyumba muno zii. Firiji yokha ndiyo imalankhula. Zaka khumi ndi chimodzi mu America, ndipo anthu amene amandifunsa ngati ndadya onse ndi makasitomala.

Lamulungu, 4 Okutobala

Mapemphero a Amalawi masana. Anthu asanu ndi mmodzi a m'gululi ndinawalembetsa ndine. Palibe amene anandinyoza, bola akanatero. Moni wa m'manja wofulumira, maso kwina. Ndikutenga mpunga ndinamva kumbuyo kwanga, "Ndi ujatu anawasayinitsa anthu zija." Wina n'kuti, "Shh."

Lyson anandipeza pa khomo. Iye waapulaya kale kubwerera ku mashifiti osamalira okalamba, ayamba mawa.

"Sisi Chawezi, mwawauza amayi anu aja?"

"Ndipita."

"Ingowakolani pa foni. Kuno ndi ku America, anthu amasiyana banja pa meseji."

Ndinaseka, koma zinandipsetsa mtima. Lyson zonse zimamuyendera mophweka ngati supuni m'phala.

Lachiwiri, 6 Okutobala

Mvula. Ndinayankha mafoni khumi ndi anayi. Mayi wina analira, wina anandipempherera. Wopempherayo ndiye anandipweteka kwambiri.

Lachitatu, 7 Okutobala

Flora, mwana wawo wa Mayi Vainess, uja ndi namwino pa chipatala china pakati pa tauni ya Indianapolis, wasiya uthenga pa foni. Chichewa chake ndi cha ana okulira kuno, theka lake Chingerezi. "Auntie, Mum akufunsa ngati mukudwala. Anakuphikirani Saturday, anadikira mpaka kunada. Akuti ndisakupushingeni, koma ine ndikukupushingani."

Ndamvera katatu. Anaphika.

Za kalata sanatchule. Ndiye kuti ili m'chitini, yosatsegula, ikudikira ine. Iwo akuwerenga masiku a opaleshoni ndi mtima uli m'malo, chifukwa ndinawaphunzitsa ndine kusawerenga. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo Zengerezuyo dzina lake ndi Chawezi.

Lachisanu, 9 Okutobala

Lero ndagwirako ntchito yeniyeni. Ndinaimbira ku ofesi ya dokotala wawo wa bondo, anandiuza makampani amene amawalandira. Awiri ndi abwino ndithu. Si athu, ine sindipezapo kanthu, koma akalembetsa mu Novembala opaleshoni ichitika tsiku lake. Ndasindikiza mapepala ndi zilembo zikuluzikulu.

Zimenezo ndiye zophweka. Chovuta ndi mawu oyamba. Ndayeserera kubafa: "Amayi, ndinakunamizani." Ayi, sindinaname. "Amayi, kampani yatigwiritsa fuwa la moto." Koma iwo sanakhulupirire kampani, anakhulupirira ine.

Amayi akandilankhula ngati mmene anandilankhulira Bambo Kowalski, sindidziwa kuti ndidzapitanso kwa yani.

Loweruka, 10 Okutobala

Ndikulemba ndili pa malo omwetsera petulo ku Kokomo, pobwerera.

Ulendo wopita ndinadutsa Plymouth osayang'ana kumbali. Minda ya chimanga akukolola ndi makina, fumbi lokhalokha. Ndinafika cha m'ma 11.

"Odi!"

Anatsegula atagwira ndodo. Sanamwetulire. "Lowa."

Ndinakhala pa sofa yanga yakale. Moni, za bondo, za Flora, za kuzizira. Ndinatulutsa tiyi, analandira ndi manja awiri. Iwo anadzuka pang'onopang'ono, anatenga chitini pamwamba pa TV n'kundiika pamiyendo.

Kalata inali pamwamba penipeni. Envelopu yong'ambidwa bwinobwino ndi mpeni.

"Mwaiwerenga?"

"Lolemba. Analemba ndi inki yofiira kuti n'zofunika kwambiri."

"Flora anakuwerengerani?"

"Iwe mwana. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinkalemba malipoti a odwala m'Chingerezi. Ukuganiza kuti kalata ya masamba awiri ingandikanike?"

Ndinasowa poyang'ana. Ndinayamba kupepesa, mawu akugwerana, za malamulo, za bwana, za kuti anatiletsa kunena. Anakweza dzanja.

"Kampani si mwana wanga. Yabwera, yapita. Bondo lidikira, lakhala likudikira. Chimene chinandiwawa ndi nkhuku ya Loweruka lija. Ndinaidya ndekha masiku anayi."

Misozi inangotuluka. Anandisiya ndilire, sananditonthoze. Kenako ndinatulutsa mapepala aja. Anavala magalasi n'kuwerenga okha, mzere ndi mzere, chala chikuyenda pansi pa mawu. Anafunsa mafunso atatu. Limodzi sindinathe kuyankha.

"Ndiye bwanji zaka zonsezi munkandisungira makalata?" ndinafunsa.

"Ukanabwera?"

Ndimadziwa yankho lake. Ndikanati mwezi wamawa, mwezi wamawa.

"Flora amachoka kusanache, amabwera atatopa. Adzukulu amandiyankha m'Chingerezi. Ndimadziwa kuti chitinichi chikakhala ndi kalata, pabwera munthu wonena kuti odi." Anavula magalasi. "Tsono makalata atha. Uzibwerera chiyani?"

Ndinati ndizibwera basi. Anandiyang'ana mmene amayang'anira munthu wogulitsa inshuwalansi.

Titatha kudya anakhuthulira makalata onse m'bini, a zaka zitatu, osasankhamo. Analowa kukhitchini ndi chitini, ndinamva akuchitsuka. Potsanzikana anandipatsa chili cholemera, chofunda pansi. Mandasi.

"Chitinichi ndi changa," anatero ali pakhomo. "Ndikuchifuna pa 14 Novembala. Ndipo ukudziwa kuti mbale ya mwini sibwerera yopanda kanthu."

Chili pampando wa pambali panga. Ndadya awiri. Sindikudziwa kuti ndidzaikamo chiyani.