Sichinali Chilungulira, Amayi

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno mpunga wa kudambo tinakolola, ngakhale mbalame zinatidyera kwambiri. Mdzukulu wanu Nasileti wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Liuma ndi lanu lomwe, akakana bere wakana basi.

Koma chandikhazika pansi ndi nkhani ya achimwene a Lameki. Paja shuga anatengera inu. Mwezi watha anabwera kuchokera kumsika wa Khombedza thukuta lili kamukamu, n'kukhala pakhonde, n'kupempha soda wosungunula m'madzi. Ati chilungulira. Ndi mawu omwe aja munanena inu m'mawa uja mukusankha nyemba, dzuwa lisanapendeke n'kutisiya.

Ndinawalanda kapu ya sodayo. Anandikalipira kuti ndine mwana, koma minibasi anakwera. Kuchipatala cha kuboma anatitumiza ku Lilongwe. Kumeneko adokotala anati mtima wavulala kale, mitsempha itatu yoperekera magazi kumtimako yadzaza mafuta, njira yatsala pang'ono. Pabedi loyandikana ndi lawo panali bambo wina wopanda shuga. Iyeyo unatsekeka mtsempha umodzi wokha, koma ululu wa pachifuwa unamugwetsa panjinga akukuwa, anthu n'kuthamanga naye. Nditafunsa kusiyana kwake, adokotala anandiuza kuti shuga kawirikawiri amawononga mitsempha ingapo, ndiponso amagonetsa minyewa yomva ululu. Mtima umatha kuvulala mwini wake akungogeya.

Munkakonda kutiuza kuti, "Matenda enieni amafuula, zinazi ndi ulesi." Ndinatuluka panja kukalira. Ndinakukwiyirani, Amayi, ndipo ndinakusowani nthawi yomweyo. Matenda anu aja sanafuule.

Achimwene ali kunyumba tsopano, akumwa mankhwala. Kunyanja sapitanso kukapikula usipa, amangokhala pamthunzi n'kumatukwana ndiwo zopanda mchere. Sitikudziwa kuti mtimawo upirira mpaka liti. Ana awo akadali kusukulu, ndipo ndimachita mantha.

Nanenso ndinayezetsa. Andipeza naye shuga yemweyo.

Ndakumverani m'zonse, ngakhale kasankhidwe ka nyemba. Koma pa ichi chokha mundikhululukire. Soda uja ndataya. Ndikulonjeza kuti aliyense wa m'nyumba yanu akadzangoti chilungulira, ndidzamukweza minibasi ngakhale atukwane. Ndimakukondani, koma musatiyalire mphasa msanga kumeneko.

Ndine mwana wanu,
Esinala