Chitseko Chanu Chili Pabwalo la Boma

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Kuno ku Vila Kabrali chisanu chayamba kale. Nyemba za ku Lione zachita bwino, koma mbatatesi zaola ndi mvula. Mdzukulu wanu Rozariya ali ndi mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Akamalira amachita ngati akukalipira munthu. Ndinu ndithu.

Ine ndikusesabe pabwalo la boma. Kwabwera sekeretariyo watsopano, mnyamata wa tsitsi lonyezimira, akuti wadzakonza kayendetsedwe ka ntchito. Choyamba kukonzedwa chinali benchi lija la pakhonde: analichotsa. Akuti munthu akakhala pansi amatalikitsa nkhani, woimirira amanena pang'ono n'kumapita. Ine anandipatsa ndodo yowongolera mzere.

Benchilo mukulidziwa. Mpamene munapumulira tsiku lija tinkapempha chikalata chopitira kuchipatala, chimene chinatuluka inu titakuikani kale. Chimenecho sindinachimeze mpaka lero.

Sabata yatha mayi wina wa Chiyao, wamsinkhu wanu, anagwa pamzere. Sekeretariyo anasuzumira pazenera n'kufuula kuti, "Wotsatira!"

Lamulungu lake a Padiri analalikira kuti boma lilipo chifukwa cha munthu, osati munthu chifukwa cha boma, ndipo wolamulira ndi wotumikira. Sekeretariyo anali kutsogolo, pampando wofewa, akugwedeza mutu. Ine sukulu ndinalekeza panjira, koma mawu amenewo ndinawamva bwino. Inu munkanena zomwezo popanda Chilatini: "Munthu samufunsa nkhani ali chilili."

Ndiye mundikhululukire, Amayi, ndazula chitseko cha nyumba yanu. Ndachigoneka pa zitsa ziwiri pansi pa mtengo, moyang'anizana ndi zenera la sekeretariyo. Akukhalapo onse, Akhristu ndi Asilamu, okalamba ndi apakati.

Dzulo anandiitana. Akuti likafika Lolemba chitsekocho chikadali pompo, ntchito yandithera, ndiponso ndilawa mbalamatodya, thabwa lawo lija lomenyera m'manja. Ndinamuonetsa manja angawa, ouma ngati chikopa, n'kumuuza kuti, "Bwana Senyoro, ulaliki uja tinamvera limodzi. Kapena kutsogolo sumveka?" Anafiira ngati tsabola.

Mantha ndili nawo, sindikubisirani. Nkhalamba ngati ine angandilembe ntchito ndani? Koma ndikukulonjezani, sindichichotsa. Akachiwaza nkhuni, nyumba yanga nayonso ili ndi chitseko.

Ndine mwana wanu wokukondani, wosamva uja,
Furansisiko