Chibwibwi cha Fosu Chatha

Okondedwa Amalume Adutwum,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino ku Abidjan. Kuno ku Mampong tilipo, nyemba za koko, zopangira chokoleti zija, tayamba kale kuyanika.

Amalume, khalani pansi kaye! Mukudziwa chibwibwi cha mlongo wanga Fosu, kutchula dzina lake lomwe mpaka thukuta. Lamulungu lapitali tikuimba kutchalitchi, Mzimu Woyera anamutsikira. Anaimirira n'kuyamba kupemphera mokweza, mawu akungotuluka, osadodoma ngakhale kamodzi! Amayi anavina uku akulira, mpango wakumutu n'kugwa osauona. Mayi Oforiwaa oyandikana nafe aja anandikodola, amvekere, "Iwe Boakyewaa, ndi Fosu wanu yemwe uja? Tipumanso ngati?"

Sitikupumadi. Fosu akulalikira pamsika tsiku lililonse, ndipo dzulo anthu anamubweretsera mwana wodwala kuti amupempherere.

Paja munkati lilime lake likadzamasuka mudzamuphunzitsa kuthira nsembe kwa makolo, poti ndiye wodzalowa m'malo mwanu. Lamasuka, Amalume, koma dzina limene akuitana ndi lina. Za botolo la mowa wa nsembe munatumiza lija musawafunse amayi. Ndidzakuuzani ndekha mukadzafika, mutadya kaye.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Boakyewaa